Propaganda: liwu limene timangolozera anzathu

Pali mawu ena a Chingerezi amene analowa m'kamwa mwathu osaodira, ndipo anakhazikika ngati mkamwini amene wamanga kale nyumba ya malata. Limodzi mwa mawuwa ndi liwu loti propaganda. Ngakhale munthu amene sanapite patali ndi sukulu amalidziwa. Ena amalitchula kuti "puropaganda", koma amadziwa bwino nthawi yoliponyera. Mulimva m'minibasi wailesi ikamawerenga nkhani. Mulimva pa bawo. Mulimva pakati pa ochemerera Bullets ndi Wanderers kukamveka kuti wosewera wakutiwakuti akusamukira ku timu ina. Mneneri wa chipani akafunsidwa za nkhani imene yamuthina, yankho lake limakhala lomwelo: "Imeneyo ndi propaganda chabe ya anzathu a mbali inayo." Ngakhale mnyamata amene chibwenzi chake chamva zoti ali ndi wina kuseri amadziteteza ndi liwu lomweli.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti liwuli nthawi zonse limaloza kwa mnzathu. Sindinamvepo munthu akutsanzika pakhomo kuti, "Ndapita, ndikukafalitsa propaganda." Zathu timazitcha uthenga, chidziwitso, kuphunzitsa anthu kapena kuwamemeza. Za anzathu ndiye propaganda.

Ine ndimaphunzitsa History ndi Chingerezi, ndipo chaka chilichonse tikafika pa mutu wa Germany ya Hitler ndimafunsa ana tanthauzo la liwuli. Yankho limabwera mwachangu: "Ndi mabodza, aphunzitsi." Yankholi silolakwika kotheratu, koma ndi theka chabe, ndipo theka limeneli ndi loopsa. Munthu amene akuganiza kuti propaganda ndi mabodza okha amatchinga khomo lakumaso n'kusiya lakuseri lili pululu, chifukwa propaganda imene imagwira bwino ntchito nthawi zambiri imamangidwa ndi zinthu zoona.

Tiyeni tiyambe ndi kumene liwuli linachokera, chifukwa ambiri amadabwa. Gwero lake ndi Chilatini, ndipo linali liwu la kumunda. Propagare kunali kuchulukitsa mbewu podula nthambi n'kuzibzala, monga timachitira ndi timitengo ta chinangwa kapena zingwe za mbatata. Ana amene amaphunzira Agriculture amakumana ndi mbale wake wa liwuli akamawerenga za vegetative propagation, koma sadziwa kuti ndi banja limodzi. Udula kamtengo kamodzi, uzika apa, uzika apo, mawa munda wonse wadzaza ndi mbewu yofanana ndi kholo lake. Sungani chithunzi chimenechi, chifukwa chikufotokoza bwino kuposa dikishonale.

Liwuli linachoka kumunda n'kulowa mu ofesi m'chaka cha 1622, pamene Papa Gregory XV anakhazikitsa ku Rome nthambi ya mpingo wa Katolika yotchedwa Congregatio de Propaganda Fide, kutanthauza kuti bungwe lofalitsa chikhulupiriro. Ntchito yake inali kuyang'anira amishonale m'maiko akutali. Ngakhale amishonale a Katolika amene anafika kuno kwathu, a Montfort ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, anali m'dera loyang'aniridwa ndi ofesi imeneyi. Kwa iwo Propaganda linali dzina laulemu la likulu lawo. Dzinali linasinthidwa mu 1967, ndipo mu 2022 ofesiyo inaphatikizidwa ndi ina, koma nyumba yake ku Rome imatchedwabe Palazzo di Propaganda Fide. M'zilankhulo zina liwuli silinadetsedwe kwenikweni. Ku Brazil, mwachitsanzo, kutsatsa sopo pa TV amakutcha propaganda popanda wina kukwinya nkhope.

Nanga m'Chingerezi linaipa bwanji? Linaipa kwambiri ndi nkhondo. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba mu 1914, boma la Britain linatsegula mwachinsinsi ofesi ku Wellington House mu London, motsogozedwa ndi Charles Masterman, ndipo linapempha alembi otchuka kuti azilemba timabuku toonetsa kuti Britain ikumenyera chilungamo. America italowa nkhondoyo mu 1917 inakhazikitsa komiti yake pansi pa George Creel, imene inatumiza anthu pafupifupi 75,000 kukalankhula kwa mphindi zinayi zokha m'nyumba zoonetsera kanema ndi m'misonkhano. Mphindi zinayi n'zokwanira kutenthetsa mtima wa munthu, koma n'zochepa kuti afunse funso.

Nkhani imene inatchuka kwambiri inatuluka mu Epulo 1917, pamene nyuzipepala za ku London, kuphatikizapo The Times, zinalemba kuti Ajeremani ali ndi fakitale yophikira mitembo ya asilikali awo kuti apeze mafuta. Fakitale zosungunula mafuta zinalikodi, koma zinali za mitembo ya nyama monga akavalo. Wina anangotenga chinthu choona n'kusinthamo liwu limodzi. Mu 1925 nduna yoona za ubale ndi maiko ena, Austen Chamberlain, inauza nyumba ya malamulo kuti nkhaniyo inalibe maziko. Anthu anakwiya pozindikira kuti maboma awo omwe anawapusitsa, ndipo kuyambira pamenepo liwu loti propaganda linayamba kununkha. Koma taonani chimene chinatsatira. Pa nkhondo yachiwiri, malipoti oyamba onena za kuphedwa kwa Ayuda m'misasa ya a Nazi atayamba kumveka, anthu ena anawakayikira pokumbukira bodza la fakitale lija. Bodza la 1917 linathandiza kutseka makutu a anthu ku choonadi cha m'ma 1940. Mfundo imeneyi ndibwereranso kwa iyo.

Sikuti aliyense anathawa liwuli nthawi yomweyo. Edward Bernays, mwana wa mlongo wake wa Sigmund Freud, amene anagwirapo ntchito mu komiti ya Creel, analemba buku mu 1928 n'kulitcha Propaganda mosabisa. Chaka chotsatira, atalembedwa ntchito ndi kampani ya fodya ya American Tobacco, anakonza zoti atsikana ena ayende akusuta ndudu pa perete wa Pasaka mu New York, ndipo anauza atolankhani kuti ndudu zimenezo ndi miyuni ya ufulu wa amayi. Palibe amene ananena kuti "gulani fodya". Anangomangirira ndudu ku chinthu chimene amayi ambiri ankachifunadi, chomwe ndi ufulu. Ntchito yakeyo Bernays ankaitcha public relations, dzina limene lili pa zitseko za maofesi ambiri mpaka lero.

Amene anamalizitsa kudetsa liwuli ndi Joseph Goebbels. Mu 1933 Hitler anamupatsa unduna umene dzina lake lenileni linali lounikira anthu ndi propaganda. Undunawu unagwira nyuzipepala, mafilimu, zisudzo, nyimbo ndi wailesi. Chaka chomwecho anatulutsa wailesi yotsika mtengo yotchedwa Volksempfänger kuti mawu a boma alowe m'nyumba iliyonse, ndipo nkhondo itayamba mu 1939 kumvera mawailesi akunja kunakhala mlandu. Apa m'pamene ndimauza ana kuti asamangoloweza dzina la Goebbels kuti akakhoze mayeso. Aone njira ziwiri zimene zinkayendera limodzi: kukweza liwu limodzi, ndi kuzimitsa ena onse.

Tsono tanthauzo lake n'chiyani? Mmene ine ndimalifotokozera ndi motere: propaganda ndi uthenga wokonzedwa mwadala, ndi munthu kapena gulu limene lili ndi cholinga, wopita kwa anthu ambiri, wofuna kuti aganize kapena achite chinthu chimodzi, ndipo umangoonetsa mbali imene ikuthandiza cholingacho. Mukaona tanthauzoli mulibe liwu loti bodza. Bodza likhoza kukhalamo, koma si ndilo msana wake.

N'chifukwa chake n'kofunika kusiyanitsa liwuli ndi mawu athu amene timawasakaniza nalo. Bodza ndi kunena chimene ukudziwa kuti sichoona, ndipo ukhoza kunamiza munthu mmodzi yekha. Mphekesera ndi nkhani yopanda mwini, imene imayenda yokha kuchoka pakamwa kupita pakamwa. Nkhani ya anamapopa imene inavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, mpaka anthu osalakwa kuphedwa, inali mphekesera. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo mphekesera imakula chonchi. Propaganda ndi yosiyana chifukwa ili ndi mlimi. Pali wina amene anadula timitengo tija, anasankha pobzala, ndipo akudikira kukolola. Zoona, mlimi wochenjera akhoza kutola mphekesera imene yamera yokha n'kuithirira, ndipo pamenepo imasanduka propaganda.

Kuti muone mmene choonadi chimagwirira ntchito imeneyi, tiyerekeze sukulu ina imene ana 100 analemba mayeso a MSCE ndipo 60 anakhoza, pamene chaka chatha anakhoza 50. Amene akufuna kuti ahedi akhalebe adzayenda m'mudzi akunena kuti sukulu yakwera, okhoza achuluka. Amene akufuna kuti ahedi achoke adzanena kuti ana 40 athunthu abwerera kumudzi chimanjamanja. Palibe amene wanama. Aliyense watola nambala imene ikumukomera n'kusiya inayo m'thumba. Kholo limene lamva mbali imodzi yokha lidzapita ku msonkhano wa makolo litakwiya kale kapena litasangalala kale, ndipo lidzakhulupirira kuti maganizowo ndi ake. Ukawauza ana kuti propaganda ndi bodza, msampha uwu sangauone, chifukwa akafufuza apeza kuti nambalayo ndi yoona, n'kumeza zonse.

Aphunzitsi anzathu akale analingalirapo za vutoli. Mu 1937 ku New York kunakhazikitsidwa bungwe lotchedwa Institute for Propaganda Analysis, motsogozedwa ndi Clyde Miller wa ku koleji ya aphunzitsi ya Columbia, ndipo linkatumiza timapepala m'masukulu tophunzitsa ana kuzindikira njira zisanu ndi ziwiri zokopera anthu. Ndikaziwerenga ndimaseka, chifukwa zonse timaziona pa kampeni iliyonse.

Yoyamba ndi kupatsa mdani dzina loipa kuti anthu asamve n'komwe zimene akunena. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito mawu okoma amene palibe angawakane koma osanena kanthu kogwirika, monga chitukuko, umodzi, tsogolo lowala. Ndani angaimike dzanja n'kunena kuti sakufuna chitukuko? Funso ndi lakuti chitukuko chake n'chiti, ndalama zichokera kuti, chitha liti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yachitatu ndi kubwereka ulemu wa chinthu china, monga kuima pafupi ndi mbendera, mafumu kapena atsogoleri a mipingo pojambulitsa. Yachinayi ndi kubweretsa munthu wotchuka, woimba kapena wosewera mpira, kuti achitire umboni nkhani imene sakuidziwa kuposa inu. Yachisanu ndi kudzionetsa ngati munthu wamba: bwana amene chaka chonse amadutsa magalasi a galimoto ali otseka, nthawi ya kampeni mumupeza akugula chimanga chootcha pamsewu kapena atakhala pa mphasa pamaliro. Yachisanu ndi chimodzi ndi kusankha mfundo zokukomera zokha, monga zija za sukulu ya ana 100. Yomaliza ndi kukuuza kuti aliyense ali mbali ino, usatsale wekha, ndipo n'chifukwa chake malole amatuta anthu kuchokera kutali kuti bwalo lioneke lodzaza pa chithunzi.

Bungweli linatseka mu 1942, America italowa nkhondo yachiwiri. Pamene dziko linafuna propaganda yakeyake, phunziro lozindikira propaganda linakhala losafunika. Pamenepanso pali phunziro.

Mwa njira zisanu ndi ziwirizi, yoyamba ija ndiyo imene ndimaiopa kwambiri, ndipo Afirika anaona kumene imathera. Ku Rwanda wailesi ya RTLM inayamba kuulutsa mawu mu 1993. Inali wailesi yokondedwa ndi achinyamata chifukwa cha nyimbo zabwino ndi nthabwala za oulutsa. Pakati pa nyimbozo Atutsi ankatchedwa inyenzi, kutanthauza mphemvu. Kupha kutayamba mu Epulo 1994, wailesiyo inkatchula mayina a anthu ndi malo amene abisala, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu oposa 500,000 anaphedwa. Mu 2003 khoti la United Nations ku Arusha linapeza olakwa Ferdinand Nahimana ndi Jean-Bosco Barayagwiza a wailesiyo, pamodzi ndi Hassan Ngeze wa nyuzipepala ya Kangura. Chida chawo chinali mawu. Munthu ukamutcha mphemvu kwa miyezi yambiri, tsiku lina mnansi wake sadzaonanso munthu. Ndikamva ana akutchulana mayina onyoza mtundu kapena chigawo chimene wina akuchokera, ndimawauza nkhani imeneyi.

Kwathu kuno liwuli tili nalo ndi mbiri yathu. Amene tinakula mu ulamuliro wa chipani chimodzi tikukumbukira kuti wailesi ya m'dziko muno inali imodzi, MBC, ndipo TV ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Lamulo la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Pamene maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, boma linanena kuti ndi youkira ndipo kupezeka nayo kunakhala mlandu. Komabe pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, kusiya tambala wakuda. Zimenezi zimandiuza kuti zaka zambiri za liwu limodzi sizinathe kufufuta zimene anthu ankaona ndi maso awo. Kuyambira 1994 taonanso chinthu china: chipani chilichonse chikakhala chotsutsa chimadandaula kuti wailesi ya boma ikukondera, koma chikalowa m'boma dandaulo lomwelo limasamukira kwa amene atuluka. Anyani sasekana zikundu.

Tsopano ndibwerere ku mfundo ya fakitale ija, chifukwa ndi imene yandichititsa kulemba zonsezi. Anthu amene anapusitsidwapo amaphunzira kukayikira, ndipo n'zabwino. Koma kukayikira kukapitirira muyeso kumasanduka ulesi wovala jekete la nzeru. Liwu loti propaganda lasanduka chotsekera makutu. Ukangolitchula, nkhani yatha, sufunikanso kuwerenga lipoti, kufunsa funso kapena kuyankha mlandu. Munthu amene wagwidwa ndi umboni m'manja amangoti "propaganda", otsatira ake n'kuomba m'manja. Nthawi ya Covid-19 tinamva uthenga wa katemera ukutchedwa propaganda ya azungu ndi anthu amene ankakhulupirira msanga mawu ojambulidwa pa WhatsApp a munthu wosadziwika dzina. Kolera imene inabuka mu 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo panali ena amene ankakana kupita ku chipatala chifukwa cha nkhani zimene anamva. Munthu amene amakhulupirira zonse ndi munthu amene sakhulupirira chilichonse onse ndi osavuta kuwatsogolera. Wachiwiriyu umangofunika kumuuza kuti ena onse akumunamiza kupatula iwe.

Wina afunsa kuti: nanga uthenga woti tizisamba m'manja, tizigona m'masikito, titumize atsikana ku sukulu, si propaganda? Pa tanthauzo lakale lija la kubzala mbewu, inde, ndi uthenga wokonzedwa mwadala wofuna kusintha khalidwe la anthu ambiri. Koma pali kusiyana kumene ndimakuona. Mwini wake wa uthengawu amaonekera, dzina lake lili pa chikwangwani. Umboni wake ukhoza kufufuzidwa ndi aliyense. Ndipo ukafunsa funso sakutcha mdani. Uthenga umene umabisa mwini wake, umene umapsa mtima ukafunsidwa, umene ukufuna kuti uchite mantha kapena udane ndi wina usanaganize, umenewo ndiye woyenera dzina loipali.

Pa chifukwa chimenechi, ana anga a Fomu 4 ndimawapatsa mafunso asanu oti azifunsa uthenga uliwonse, kaya wabwera pa wailesi, pa Facebook, pa guwa kapena pa bolodi. Akulankhula ndani, ndipo walipira ndani? Akufuna kuti ndichite chiyani ndikamva? Wasiya chiyani osanena? Akufuna kuti mumtima mwanga mubwere chiyani, mantha, mkwiyo kapena kunyada? Ndipo ndikafuna kutsimikiza, ndingakafunse kuti? Ndati ndi pa bolodi pomwe mwadala. Mphunzitsi amaima pamaso pa ana ambiri tsiku ndi tsiku, choko chili m'manja, ndipo amasankha chimene anene ndi chimene asiye. Buku la History nalonso linalembedwa ndi munthu. Chimene chimasiyanitsa kalasi ndi msonkhano wa chipani n'chakuti m'kalasi mwana ali ndi ufulu woimika dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwadziwa bwanji?" Tsiku limene funso limeneli lidzaletsedwe, tidzakhala tasiya kuphunzitsa.

Mafunso asanuwa ndi osavuta kuwafunsa kwa anthu amene sitiwakonda. Pamenepo aliyense ndi katswiri. Povuta ndi pa chipani chimene timachivotera, mpingo umene timapemphera, nyuzipepala imene timaikhulupirira, gulu la WhatsApp la anthu akumudzi kwathu. Propaganda ya mdani siitigwira kawirikawiri, chifukwa timaiyembekezera. Imene imatigwira ndi imene imalankhula chilankhulo chathu, imatchula zinthu zimene zimatipwetekadi, ndipo imatiuza zimene tinkafuna kale kumva. Ikamalowa sitimva ngati wina akutikopa. Timangomva ngati wina wanena zoona pomaliza.

Choncho, poti mphunzitsi satuluka m'kalasi osasiya ntchito yokachitira kunyumba, nayi yanu. Sabata ino sankhani uthenga umodzi umene mwagwirizana nawo ndi mtima wonse, umene munatsala pang'ono kuutumiza kwa anzanu onse, ndipo muufunse mafunso asanu aja. Mwina upambana mayeso, ndipo mudzautumiza mukudziwa chifukwa chake. Mwina mudzapeza kuti pali mlimi amene amafuna kukugwiritsani ntchito ngati munda. Ndipo tsiku lina mukadzafuna kunena kuti "imeneyo ndi propaganda", mudzayambe mwatchula chimene chabisidwa, amene wachibisa ndi phindu limene akupeza. Ngati simungathe kutchula zimenezi, ndiye kuti mwangonena kuti nkhaniyo sinakusangalatseni.

Ndithamangire makope a ana, akundidikira pa tebulo.